Palibe anasintha kanthu: lipoti la glibc yomangidwa ndi -march=native

Ping inkayankha, ndipo n'chimene chinatisocheretsa poyamba. VM ina (kompyuta yongoyerekezera yoyenda m'kati mwa seva) yoyendetsa ntchito za usiku inkaoneka yamoyo pa netiweki, koma woyesa kulowamo ndi ssh ankatsekeredwa pakhomo asanafunsidwe n'komwe kiyi. Mapulogalamu a m'kati mwake ankafa imodziimodzi. Mnzathu amene anali pa ntchito usiku umenewo anachita zimene aliyense wa ife akanachita: anaizimitsa n'kuiyatsanso. Inadzuka yathanzi. M'kaundula wa zovuta analembamo mzere umodzi, kuti VM inauma ndipo waiyatsanso, tonse n'kupitiriza zathu.

Kuchokera usiku umenewo kufika tsiku limene tinatseka nkhaniyi panapita pafupifupi miyezi iwiri. Gwero lake linali liwu limodzi, -march=native, mu CFLAGS (ndandanda wa ma flag ouza compiler mmene imangire mapulogalamu), limene linakhala m'fayilo yomangira zaka zingapo osapweteka munthu.

Mmene zinthu zinalili

Timasamalira distribution ya Linux yaing'ono yogwiritsa ntchito ife tokha, ndipo phukusi lililonse timalimanga kuchokera ku source. Pa nthawiyo tinali pa glibc 2.31, library ya C imene pafupifupi pulogalamu iliyonse imadalira, ndi GCC 10, compiler imene imamasulira source kukhala malangizo a purosesa. Ma VM ankayenda pa KVM ndi QEMU, omwe ndi hypervisor yoyendetsa ma VM, pa maseva a mibadwo iwiri: akale a Xeon E5 v2, omwe ndi Ivy Bridge a mu 2013, ndi atsopanoko a Xeon E5 v4, omwe ndi Broadwell a mu 2016. Kuti VM izitha kusamutsidwa ikuyenda kuchoka pa seva iliyonse kupita pa ina, onse tinawapatsa mtundu umodzi wa CPU, wa IvyBridge. Ndiyo njira yodziwika. VM imauzidwa kuti ili pa purosesa yakale ngakhale itakhala pa yatsopano, kuti isakadabwe kumene ikusamukira.

CFLAGS ya mapukusi onse, ndi glibc yomwe, inali -O3 -march=native -pipe -g. -march=native imalola compiler kugwiritsa ntchito malangizo onse amene purosesa ya makina omangirawo ikudziwa, ndipo -O3 imaiuza kuti ilimbikire kwambiri kufulumizitsa code. Amene anailemba anachoka kalekale, ndipo sindimuimba mlandu. Pa kompyuta imene imamanga mapulogalamu n'kuwayendetsa yokha, monga amachitira ambiri ogwiritsa ntchito Gentoo, -march=native siilakwa. Ifenso tinkaiona m'fayiloyo kawirikawiri n'kumati tidzaichotsa tikadzapeza mpata. Pakadafunda padajiwitsa galu.

M'fayilo yomangira glibc munalinso --disable-werror. Kuyambira pa glibc 2.21, mu 2015, ntchito yomanga imaima compiler ikangopereka chenjezo. Ndi -O3 pamabwera machenjezo amene -O2 siibweretsa, ndiye wina anangowatseka pakamwa.

Mwezi umenewo tinamanganso glibc chifukwa cha patch imodzi ya chitetezo. Phukusi latsopano linadutsa mayeso athu n'kutumizidwa ku gulu loyamba la ma VM. Zinangochitika kuti gulu limenelo lonse linali pa maseva a Broadwell. Gulu lachiwiri, limene ambiri anali pa maseva akale, linkadikira nthawi yake.

Kuimba mlandu RAM

Patapita masiku anayi VM ina inachita chimodzimodzi. Titafufuza tinapeza kuti onse awiri anauma ali pa seva imodzi yakale, ndipo nkhani inaoneka ngati yatha: seva yakalamba, RAM yayamba kunama. Tinaichotsa pa ntchito, memtest86+ n'kuyenda usiku wonse osapeza kanthu. RAM tinaisinthabe. Ndikavomereza, apa tinkafuna mlandu ukhale wa chitsulo, chifukwa chitsulo ungochisintha n'kukagona. Palibe anafunsa funso laling'ono lakuti ma VM amenewa anafika liti pa seva imeneyo. Onse awiri anasamutsidwira pamenepo mphindi zochepa asanaume, ndi pulogalamu imene imagawa katundu pakati pa maseva. Atayatsidwanso, pulogalamu yomweyo inawaika pa Broadwell chifukwa kumeneko n'kumene kunali malo ambiri, n'chifukwa chake ankadzuka athanzi.

Kachitatu zinachitikira pa seva ina yakale, ndipo ulendo uno VM itayatsidwanso inagwera pa seva yomweyo. Siinadzuke. Pa console panalembedwa kuti:

Kernel panic - not syncing: Attempted to kill init! exitcode=0x00000004

Nambala 4 imeneyo ndi SIGILL. Purosesa inapatsidwa langizo limene siilidziwa, ndipo pulogalamu yoyamba ya dongosolo lonse inafa isanachite chilichonse.

Mauthenga a kernel (phata la Linux) a ma VM athu amadutsa pa serial console n'kusungidwa pa seva. Tinabwerera ku log za ma VM awiri oyamba aja, zimene palibe anaziwerenga popeza odwala anachira okha. Zinali zodzaza mizere ya trap invalid opcode, yambiri yotchula ld-2.31.so (dynamic loader ya glibc, yolumikiza pulogalamu ndi ma library ikamayamba), ina libc-2.31.so (library ya C yeniyeniyo). Mzere uliwonse umapereka adiresi ya langizo lolakwa ndi poyambira fayiloyo mu memory. Kuchotsera iwiriyo kumakupatsa malo enieni m'fayilo, ndipo objdump -d imakuonetsa chimene chili pamenepo.

Pa adiresi imene inkabwerezedwa kwambiri mu ld-2.31.so panali shrx, m'kati mwa do_lookup_x. Imeneyi ndi function imene dynamic loader imasakira dzina la symbol m'ma library. Isanatsegule tebulo lonse la GNU hash imayamba yafunsa Bloom filter, ndipo kufunsako ndiko kusuntha liwu la ma bit 64 kumanja kawiri ndi nambala zochokera mu hash n'kuona ngati ma bit onse awiri ayaka. Kusuntha ndi nambala yosinthasintha n'kumene compiler imakonda kulembera shrx ikaloledwa. Mu libc-2.31.so tinapeza mbale wake shlx mu _int_malloc, pamene malloc, yogawira mapulogalamu memory, imawerenga bitmap ya ma bin ake. Onse awiri ndi a gulu la malangizo la BMI2, limene linabwera ndi Haswell, mbadwo wa pakati pa Ivy Bridge ndi Broadwell. Ivy Bridge ilibe.

Zizindikiro zonse zinamveka tsopano. Ping imayankhidwa ndi kernel, imene siigwiritsa ntchito glibc ndipo imamangidwa ndi ma flag akeake. sshd, pulogalamu yolandira olowa ndi ssh, inkadziyambitsanso ndi exec pa aliyense wolowa, choncho inkadutsa mu loader ndipo inkafera pomwepo. Mapulogalamu amene anali akuyenda kale ankapitirira mpaka atafika pa malloc yolowa mkati kapena pa symbol imene anali asanaisake.

Tsiku lomwelo tinaletsa kusamutsira VM iliyonse pa maseva akale, n'kuimitsa gulu lachiwiri lija. Likanalandira phukusilo, ma VM ambiri akanagwa nthawi imodzi, ndipo package manager yobwezera phukusi lakale nayonso ikanafa isanayambe.

Tsiku limene ndinataya ndi ine

Funso lotsala linali lakuti shrx inalowa bwanji. Mnzathu wamng'ono pa gululi anati, "Akulu, si -march=native imeneyi?" Ndinamuyankha molimba mtima kuti ayi, chifukwa makina omangira ndi VM ngati ena onse, GCC ikafunsa CPUID (langizo lofunsira purosesa kuti ndi yotani) imayankhidwa kuti Ivy Bridge, ndipo zakhala choncho zaka zonsezi. Git inandichitira umboni. Fayilo ya ma flag inali isanakhudzidwe, fayilo yomangira glibc inangoonjezeredwa patch ija, GCC inali yomweyo. Patch tinaiwerenga kawiri, munalibe chokhudza CPU.

Tinatembenukira kwa -O3. Ili ndi mbiri yoipa pa C library, ndipo kuganiza kuti compiler yasokonekera kunali kokoma kuposa kuganiza kuti ndasokonekera ndine. Mnzanga uja anayesa kumanga ndi -O0, popanda optimization iliyonse, kuti tione ngati vuto litha. Ntchito inaima msangamsanga ndi uthenga wakuti glibc cannot be compiled without optimization.

Amene sanakumanepo ndi uthengawu amaganiza kuti ndi liuma la olemba glibc. Si liuma. Loader ikamayamba imakhala isanadzikonzere yokha ma relocation (maadiresi oyenera kukonzedwa fayilo ikalowa mu memory), ndipo palibe wina woikonzera, chifukwa wokonzera mapulogalamu onse ndi iyoyo. Pa kanthawi kameneko singaitane function kudzera mu PLT (tebulo lodumphira ku ma function) kapena kudalira adiresi yosakonzedwa, ndiye imadalira compiler kuti ilowetse ma function ofunikawo m'malo mwake. Pa -O0 zimenezo sizichitika. C library imakhala pakati pa makoma awiri: optimization ikachepa loader siidzuka, ikachuluka mosayang'anira compiler ikhoza kuona loop yolemba ma zero m'kati mwa memset (function yodzaza memory) n'kuisandutsa kuitana memset yomweyo kosatha. glibc imadziteteza ku chachiwirichi poika inhibit_loop_to_libcall pa ma function otero. Dongosolo lonse la ma flag ake n'lolukidwa mozungulira -g -O2, amene configure imasankha ukapanda kuiuza kanthu.

Tinamanga ndi -O2. shrx inali pomwepo mu do_lookup_x. Mlingo wa -O umauza compiler kuti ilimbikire motani, koma malangizo amene ikuloledwa kugwiritsa ntchito amachokera ku -march. Ndinkadziwa zimenezi, ndipo ndinatayabe tsiku.

Chimene chinamasula mfundo ndi ma debug symbol, omwe timasunga a phukusi lililonse. GCC imalemba ma flag amene inagwiritsa ntchito mu DW_AT_producer, gawo la ma debug symbol amenewo, ndipo chabwino n'chakuti siilemba liwu lakuti native. Imalemba yankho limene inalandira. Tinayendetsa readelf --debug-dump=info pa glibc ya mwezi wapitawo ndi ya mwezi uno. Yakale inati -march=ivybridge, ndi -mno-bmi2 ndi -mno-avx2 m'ndandanda wotsatira. Yatsopano inati -march=broadwell, ndi -mbmi2, -mavx2, -mfma ndi -mlzcnt.

Ndinalowa pa makina omangira n'kulemba gcc -march=native -Q --help=target. Anayankha kuti broadwell. Milungu itatu m'mbuyomo, anzathu osamalira maseva anasamutsa ntchito yomanga kuchoka mu VM kupita mu container (malo opatulidwa koma ogwiritsa ntchito purosesa ya seva mwachindunji) pa seva yeniyeni ya Broadwell, kuti izithamanga. Dzina la makina linali lomwelo, image yomweyo, ndipo analengeza poyera. Ndinawerenga uthenga wawo n'kusangalala kuti kumanga kwafupika. Container siibisa CPUID. Iwo sanalakwe kanthu, popeza palibe pamene panalembedwa kuti distribution yathu yonse ikutsamira pa bodza laling'ono limene QEMU inkauza GCC.

Apa m'pamene pagona nkhani. Ma flag ena onse ndi chisankho chimene munalemba, ndipo chikasintha git imakuuzani. -march=native ndi funso limene limafunsidwa kwa makina pa tsiku lomanga. Yankho lake silili mu repository iliyonse.

Chifukwa chimene mayeso sanaone kanthu

Ili ndi gawo limene ndikufuna anzanga omanga library aliwerenge mofatsa, chifukwa ambiri a ife timaganiza kuti kuyesa mu VM ya mtundu wakale wa CPU n'chimodzimodzi kuyesa pa CPU yakale. Mayeso athu ankayenda mu VM ya IvyBridge ili pa seva ya Broadwell, ndipo anadutsa onse.

CPUID ndi chikwangwani, si mpanda. Hypervisor ikhoza kulemba pa chikwangwanicho kuti kuno kulibe BMI2, koma pansi pake purosesa ya Broadwell ikalandira shrx imangoichita, ndipo KVM siimva n'komwe. AVX2 ndi FMA n'chimodzimodzi: Ivy Bridge ili ndi AVX, choncho kernel ya mu VM inali itatsegula kale ma register a YMM mu XCR0 (register imene kernel imatsegulira magawo otere), ndipo malangizo atsopanowo amagwiritsa ntchito ma register omwewo. Makina omangira akanakhala a AVX-512 tikanapulumuka msanga, chifukwa malangizo amenewo amafuna kuti kernel itsegule gawo lina la XCR0, limene kernel yosaona AVX-512 pa CPUID siitsegula. Phukusilo likanagwa pa mayeso oyamba. Chinatipweteka n'chakuti mibadwo iwiriyo inali yoyandikana kwambiri.

Amene amawerenga chikwangwanicho ndi IFUNC. memcpy, strlen, memchr ndi anzawo ali ndi mitundu ingapo yolembedwa pamanja mu assembly, ya SSE2, ya AVX2 ndi ina, ndipo glibc imasankha umodzi pulogalamu ikamayamba, molingana ndi CPUID. Gawo limenelo linagwira ntchito yake bwino m'nkhani yonseyi. Code ya C imene compiler yamasulira siifunsa aliyense. Mu library imodzi munali mbali yaulemu yogogoda isanalowe ndi mbali yongolowa.

Langizo limene silikuwa

Titawerenga ndandanda wa DW_AT_producer uja kachiwiri, -mlzcnt inandisowetsa tulo kuposa BMI2. shrx pa Ivy Bridge imapha pulogalamu, ndipo imfa imaoneka. lzcnt siipha. Ma byte ake ndi F3 0F BD, pamene bsr ndi 0F BD, ndipo purosesa yosadziwa lzcnt imangonyalanyaza F3 uja n'kuchita bsr mwakachetechete. Awiriwa sapereka yankho limodzi. Pa nambala 1 ya ma bit 64, lzcnt imati 63, bsr imati 0. tzcnt nayo imasanduka bsf mwa njira yomweyo, koma awiriwo amagwirizana pa nambala iliyonse kupatula zero.

Mu glibc kuwerenga ma zero akutsogolo kumapezeka m'masamu a nambala zazitali amene strtod ndi printf amagwiritsa ntchito posandutsa malemba kukhala double ndi kubwerera. objdump inationetsa lzcnt m'malo amenewo. Ma VM atatu aja anakhala kanthawi pa maseva akale mapulogalamu ena akadali moyo, ndipo awiri mwa iwo ntchito yawo inali yowerenga ndi kulemba nambala. Sitinafune kutsutsana za kuti pulogalamu ikanayamba yakumana ndi shlx isanafike pa lzcnt kapena ayi. Tinatenga chilichonse chimene chinalembedwa pa mausiku atatu amenewo kukhala chokayikitsa, n'kuyendetsanso ntchitozo ndi glibc yakale.

Poyerekeza zotsatira mtima unagunda, chifukwa panali kusiyana. Koma kusiyanako kunali pa nambala yomalizira yokha ya ma double ena, ndipo kunalinso m'mafayilo olembedwa VM isanasamuke, ikadali pa Broadwell. bsr yolowa m'malo mwa lzcnt ikanapotoza nambala yonse, osati kamchira kake. Wochita zimenezi anali FMA. Kuchulukitsa ndi kuphatikiza pa langizo limodzi kumazungulitsa kamodzi m'malo mwa kawiri, ndipo log ndi pow za glibc zimatenga njira ya fma compiler ikanena kuti ilipo. Mayankho onse awiri ali m'malire amene libm, library ya masamu ya glibc, imalola. Chimene chinasweka ndi chizolowezi cha anzathu owerengera choyerekeza mafayilo byte ndi byte, ndipo anali asanadandaule chifukwa anali asanayerekeze mwezi umenewo. Za lzcnt sitinapeze fayilo yoonongeka ndi imodzi yomwe.

Zimene tinasankha

Ma VM a gulu loyamba tinawabwezera glibc yakale ali pa Broadwell, kumene package manager inkatha kuyenda. Kenako tinakhala pansi pa nkhani ya ma flag, ndipo sitinagwirizane msanga.

Mnzanga wina anafuna -march=ivybridge, ponena kuti ndi zimene takhala nazo zaka zonsezi ndipo n'kulemba chabe chimene chinalipo kale. Mfundo yake inali yomveka. Ine ndinaumirira -march=x86-64 -mtune=generic pa glibc, pa zifukwa ziwiri. Image yopulumutsira makina akavuta imagwiritsa ntchito glibc yomweyi, ndipo imayatsidwa pa chilichonse chimene chili pafupi, ngakhale kakompyuta ka Atom kopanda AVX. Chachiwiri, mbali za glibc zimene zimadya nthawi yambiri m'mapulogalamu athu ndi za IFUNC zija, zimene -march siizikhudza popeza ndi assembly. Tinkalipira chiopsezo chachikulu pogula liwiro limene library inali kutipatsa kale. Maina a milingo ya CPU, x86-64-v2 ndi v3, akanatithandiza kukumana pakati, koma anabwera ndi GCC 11. Tinagwirizana kuti glibc ndi zonse zofunika kuti makina adzuke zikhale pa x86-64 wamba, ndipo pulogalamu yofuna zambiri itchule mtundu wa CPU ndi dzina m'fayilo yakeyake.

-O3 inalibe mlandu pa vutoli, koma tinaichotsabe. Tinayendetsa ntchito zathu zenizeni pa glibc ziwiri, ya -O2 ndi ya -O3, ndipo kusiyana kwake kunamira m'kusinthasintha kwa muyeso womwewo. Ya -O3 inali yaikulupo. Koposa zonse, -O2 ndi imene olemba glibc ndi ma distribution akuluakulu amayesa tsiku ndi tsiku, ndipo titabwererako tinatha kuchotsa --disable-werror ntchito n'kumalizika popanda chenjezo. Sindikunena kuti -O3 ndi yoipa pa pulogalamu iliyonse. Pa library imene pulogalamu iliyonse imatsegula isanafike pa main, ndimafuna kuyenda njira imene anthu ambiri akuyendamo.

Makina omangira tsopano amakana kuyamba akapeza liwu lakuti native mu CFLAGS, CXXFLAGS kapena m'fayilo yomangira, ndipo akamaliza amayerekeza DW_AT_producer ya phukusi latsopano ndi ya lakale. Seva imodzi ya Ivy Bridge tinaipatula kuti make check, mayeso a glibc, iziyendera pamenepo, pa chitsulo chenicheni. Kuyendetsa make check pa makina omangira sikukanagwira kanthu, chifukwa makinawo amadziwa langizo lililonse limene anadzilembera. Wina anaganiza zongosaka shrx ndi malangizo a AVX2 mu libc ndi grep, koma njirayo imanamiza: __strlen_avx2 ndi __memmove_avx_unaligned_erms ali ndi ufulu wokhala ndi malangizo atsopano. Muyenera kuona kuti langizo lili mu symbol iti.

Mapukusi onse omangidwa kuyambira tsiku limene ntchito inasamukira mu container tinawamanganso, popeza CFLAGS inali imodzi. Zitatha tinatsegulanso njira yopita ku maseva akale.

Kubwereranso

Patapita milungu iwiri, invalid opcode inabwera pa seva yakale kachiwiri. Ulendo uno VM siinaume, inafa pulogalamu imodzi yokha, kachida kosonkhanitsa ma log kolembedwa ndi gulu lina. Mzere wa kernel sunatchule libc, unatchula pulogalamuyo. Eni ake anatsimikiza kuti amamanga ndi -O2 yokha pa VM yawo, ndipo ankanena zoona. Langizo lolakwa linali shlx mu _int_malloc.

Kachidako kanali komangidwa ndi -static. VM yawo yomangira inali m'gulu loyamba lija, ndiye linker inakopera malloc ndi zina kuchokera mu libc.a yodwalayo n'kuzisindikiza m'kati mwa pulogalamu yawo. Kusintha glibc ya pa makina sikufika pamenepo. Ndandanda wathu wa zomangidwanso unatsata makina omangira, pamene unayenera kutsata library: aliyense amene analumikiza pulogalamu ndi libc.a imeneyo, kulikonse. Nawonso mapulogalamu olumikizidwa mwa masiku onse amatenga tizidutswa ta crt1.o ndi libc_nonshared.a, choncho tinafunsa magulu onse kuti atiuze zimene anamanga m'milungu imeneyo. Panapezeka zida zina ziwiri za static, chimodzi chili mu image yopulumutsira ija. Chimenecho chikanadzatigwera pa tsiku limene tikuchifuna kwambiri.

Patapita nthawi tinakwera kupita ku glibc yatsopano. Kuyambira pa 2.33, mu 2021, ma library a glibc amalembedwa mlingo wa x86-64 umene akufuna ndipo loader imauyang'ana. Pa 2.35, mu 2022, panabwera kufufuza koyambirira mu loader yeniyeniyo, pamodzi ndi --with-rtld-early-cflags yomangira code yoyambirira ndi ma flag otsika kuti uthengawo uthe kusindikizidwa purosesa isanakhumudwe. Tinayesa dala: tinamanga glibc ya x86-64-v3 n'kuiyatsa mu VM ya IvyBridge ili pa seva ya Broadwell, malo omwewo amene anatinamiza poyamba. Popeza kufufuzaku kumawerenga CPUID, loader inakana pomwepo, ndi mzere umodzi wakuti Fatal glibc error: CPU does not support x86-64-v3.

Maseva a Ivy Bridge anachotsedwa pa ntchito chaka chotsatira, kupatula imodzi ija ya make check. Mtundu wa CPU wa ma VM unakwezedwa kufika pa Broadwell, ndipo CFLAGS ya glibc ikadali -g -O2 -march=x86-64 -mtune=generic.